Dzombe la Jurassic World: Filimu Yogwira Njala ya Mlimi N'kuitaya Panjira

Mwa mafilimu onse amene akuzungulira m'mafoni ndi m'tinyumba ta vidiyo kuyambira ku Furancungo, kudzera kwathu kuno ku Chidzolomondo, mpaka ku Tsangano, pali imodzi imene ndikufuna kuiimba mlandu pamaso panu, abale anga. Dzina lake ndi Jurassic World Dominion. Inatuluka mu June 2022, woitsogolera ndi Colin Trevorrow, eni ake ndi kampani ya Universal Pictures ya ku America, ndipo imatenga maola awiri ndi mphindi 27. Padziko lonse inabweretsa ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Mlandu wake ndi uwu: inatola nkhani imene ikanatigwira mtima ife alimi kuposa wina aliyense, nkhani ya dzombe, mbewu ndi njala, koma itangoionetsa pang'ono inaitaya patchire n'kuyamba kuthamangitsa njinga zamoto.

Ndineneretu kuti ine ndine mlendo pabwalo limeneli. Filimuyi ndi yachisanu ndi chimodzi pamndandanda umene unayamba mu 1993 ndi Jurassic Park ya Steven Spielberg, yochokera m'buku la Michael Crichton la mu 1990. Zina zinatsatira mu 1997, 2001, 2015 ndi 2018, ndipo mu 2025 kwatulukanso yachisanu ndi chiwiri. Mwa zonsezo ine ndaonera imodzi yokhayi, m'kanyumba ka vidiyo, pa sikirini yoyendera batire la sola, mawu ake atamasuliridwa m'Chinyanja. Nditadandaula potuluka, achinyamata anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, vuto n'lakuti simunaonere zoyambazo." Yankho limenelo ndikulikana. Pakhomo ndinalipira ndalama yofanana ndi ya wina aliyense, ndipo palibe anandichenjeza kuti ndikugula chibenthu. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Amene anakula ndi mafilimuwa amakhululukira zambiri chifukwa cha chikondi chakale. Ine chikondi chimenecho ndilibe, choncho ndikuuzani zimene maso anga anaona.

Kwa inu amene simunaionere, nkhani yake ili chonchi. Ma dinosaur ndi nyama zenizeni zimene zinakhalapo padziko kalekale, zina zazing'ono ngati nkhuku, zina zazikulu kuposa njovu zingapo kuziphatikiza, ndipo akatswiri amati zinatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. M'mafilimuwa anthu a sayansi azidzutsanso, zathawa kumene ankazisungira, ndipo tsopano zabalalika padziko lonse pakati pa anthu. Limeneli ndi funso labwino loyambira nkhani: kodi dziko lingakhale bwanji chilombo chachikulu ngati nyumba chikamayenda pafupi ndi khola la ng'ombe? Anthu a m'mbali mwa Zambezi amadziwa chimene mvuu kapena njovu imachita m'munda usiku umodzi wokha. Ndinayembekeza kuona abusa, asodzi ndi alimi akulimbana ndi moyo watsopanowo. Filimu inapereka mphindi zochepa chabe ku funsoli, mwa mtundu wa nkhani za pa wailesi ya kanema, kenaka n'kulisiya.

Apo m'pamene panabwera chinthu chimene chinandiwongola msana pa benchi. Ku Texas, m'dziko la America, ana awiri ali pamunda wa kwawo, ndipo kumwamba kukuda bii ndi dzombe. Dzombe lake, limodzi lokha, n'lotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Anawo athawira m'nyumba yosungiramo zokolola, kunjaku munda ukutha. Katswiri wa zomera, mayi Ellie Sattler, atafika aona chodabwitsa: munda wa banjali watheratu, koma munda woyandikana nawo uli chiimire, osakhudzidwa ngakhale tsamba limodzi. Kusiyana kwake n'kumodzi. Mwini munda wopulumukawo anabzala mbewu yogula ku kampani yotchedwa Biosyn, dzina longopeka la m'filimumo. Kampaniyo ndiyo inapanga dzombelo mwadala kuti lizidya mbewu za ena onse, mlimi aliyense padziko akakamizike kukagula kwa iyo.

Palibe mlimi wa ku Macanga kapena ku Tsangano amene angafune womasulira kuti amve chithunzi chimenecho. Dzombe timalidziwa. Agogo athu ankasimba za dzombe lofiira la m'zaka za m'ma 1930, limene linaphimba mayiko ambiri a kum'mwera kwa Africa kwa zaka zoposa khumi. Mpaka lero pali bungwe la mayiko athu, lokhala ku Ndola m'dziko la Zambia, limene ntchito yake ndi kulondera malo amene dzombe lofiira limaswanirana, monga chigwa cha nyanja ya Chilwa ku Malawi ndi madambo a Buzi ndi Gorongosa kuno ku Mozambique. Mu 2020 dzombe la m'chipululu linasakaza minda ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia. Ku Kenya linali loopsa kuposa lina lililonse m'zaka 70. Bungwe la FAO limanena kuti khamu la dzombe lokuta kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi limadya tsiku limodzi chakudya chokwanira anthu 35,000.

Ndipo ife tomwe, osati agogo okha, taona mdani wachilendo akulowa m'munda. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zimene kwawo ndi ku America, zinaoneka koyamba ku Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 zinali zili m'chimanga chathu mbali zonse ziwiri za malire. Mu December chaka chimenecho boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozizo. Ndani wa ife waiwala kuyenda phesi ndi phesi m'mamawa, kuthira dothi, phulusa kapena sopo wa ufa m'nsonga za chimanga, ndi kuphwanya mbozi ndi zala? Mbozizo sizinapangidwe ndi kampani iliyonse, koma zinatiphunzitsa msanga kuti amene ali ndi ndalama ya mankhwala amakolola, amene alibe amangoyang'ana.

Nkhani ya mbewu nayonso si nthano kwa ife. Chimanga cha haibulidi chimabereka bwino, chimacha msanga, ndipo chapulumutsa mabanja ambiri m'zaka za mvula yochepa; zimenezo sindingazitsutse. Koma aliyense akudziwa kuti ukasankha mbewu pa zokolola za haibulidi n'kubzalanso, mphamvu yake imatsika, ndiye chaka ndi chaka uyenera kubwerera kusitolo, ndalama ya feteleza ili pambali. Chimanga cha makolo chimabereka mocheperapo, koma n'cholimba pokonola, chimapirira anankafumbwe m'nkhokwe, ndipo mbewu yake mayi amaisankha yekha n'kuipachika patsindwi la khitchini kuti utsi uisunge. Padziko lonse, makampani anayi okha, Bayer imene inagula Monsanto mu 2018, Corteva, Syngenta ndi BASF, ali ndi gawo loposa theka la malonda onse a mbewu. Mu 1998 ku America anthu ena analembetsa luso lopanga mbewu imene zokolola zake sizingamerenso ukazibzala. Alimi ndi mabungwe padziko lonse anaimirira kukana, mu 2000 mayiko anagwirizana kuliimitsa, ndipo silinalowe pamsika.

Kumbukiraninso 2002, chaka cha njala. Chimanga cha thandizo chochokera ku America, chosinthidwa chibadwa chake ndi akatswiri a sayansi, chitafika m'madoko, Zambia pansi pa Levy Mwanawasa inachikana. Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anachilandira, koma anafuna kuti chiyambe chagayidwa, kuopa kuti anthu angachibzale n'kusakanikirana ndi mbewu zathu. Kaya atsogoleriwo anachita bwino kaya analakwa, mfundo ndi yakuti mayiko athu anakanganapo kale za mwini mbewu pamene ana anali ndi njala. Funso lakuti ndani agwire kiyi wa nkhokwe ya dziko lapansi ndi funso lenileni, lolemera, ndipo Jurassic World Dominion inaligwira m'manja mwake.

Tsono inachita nalo chiyani? Tamvani. Dzombe litangoonetsedwa, filimu ikutitengera kunkhalango ya chipale chofewa kumene bambo wina, Owen Grady, ndi mayi wina, Claire Dearing, akubisa mtsikana wotchedwa Maisie. Mtsikanayo abedwa pamodzi ndi mwana wa dinosaur. Tithamangira ku chilumba cha Malta, kumsika wachinsinsi wa zilombo, kumene kuli ndewu, kudumpha pamadenga, ndi njinga yamoto yothamangitsidwa ndi zilombo m'misewu yopapatiza. Tikwera ndege yakutha ya mayi wina, Kayla Watts, amene wangokumana nawo koma walolera kutaya moyo wake chifukwa cha iwo. Ndege igwa pa nyanja youma ndi chisanu m'mapiri a Dolomites ku Italy. Kenaka mapanga, kenaka nkhalango, kenaka moto. Pakati pa zonsezi tiuzidwanso nkhani yaitali ya mmene mtsikana uja anabadwira popanda bambo, ndi mmene mayi ake anasinthira magazi ake. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Olemba filimuyi anali ndi nkhani zinayi kapena zisanu m'manja, ndipo palibe imene anaifikitsa pakhomo.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti m'maola awiri ndi theka onsewo simuona munthu ngakhale mmodzi wanjala. Amatiuza ndi pakamwa kuti dzombe likufalikira ndipo dziko lonse likhoza kusowa chakudya, koma sationetsa nkhokwe yopanda kanthu, mtengo wa chimanga ukukwera pamsika, mayi akuchepetsa ufa mumphika, kapena bambo akugulitsa mbuzi yomaliza. Banja la ku Texas lija, limene munda wake unadyedwa, silibwereranso m'nkhani. Kodi anabzalanso? Anagula mbewu ya Biosyn? Anatenga ngongole? Anasamuka? Opanga filimu analibe nazo ntchito. Alimiwo anali ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, chosonyeza akatswiri njira ya ku Italy. Ife amene tinadutsa m'chilala cha 2024 tikudziwa kuti njala imayamba pamene dzombe kapena dzuwa lamaliza ntchito yake, ndipo nkhani yeniyeni ili m'miyezi yotsatirayo.

Mathero ake ndiwo achinyengo kwambiri. Mkulu wa kampani, Lewis Dodgson, pofuna kubisa umboni atentha dzombe limene ankasunga. Dzombe loyaka lithawa n'kuyatsa nkhalango. Iye mwini adyedwa ndi zilombo. Katswiri amene anapanga dzombelo, Henry Wu, alapa, akonza dzombe limodzi m'chipinda chake cha sayansi, alitulutsa kumunda, ndipo timva kuti mliri wonse ukutha. Basi. Vuto lapangidwa ndi munthu mmodzi woipa mtima, lathetsedwa ndi munthu mmodzi wanzeru, ndipo alimi a dziko lonse sanafunsidwe kanthu, sanachite kanthu. Phunziro limene mwana wathu akutenga pamenepa n'loopsa: lakuti mbewu zikagwidwa ndi anthu ochepa, vuto ndi mtima wa bwana mmodzi, ndipo bwanayo akafa zonse zili bwino. Koma amene anasainapo pangano la ulimi wa fodya, kulandira mbewu ndi feteleza pangongole n'kukagulitsa kwa wogula mmodzi yekha, akudziwa kuti kalaliki akhoza kukhala munthu wabwino, wopemphera, ndipo iwe n'kubwerera kunyumba wopanda kanthu. Chimene chimamanga mlimi ndi pangano, mtengo ndi kusowa kwina kopita. Zimenezo chilombo sichingazidye.

Tsopano ndibwerere kwa achinyamata aja amene anati ndikanaonera zoyambazo. M'filimumu muli akuluakulu atatu, oseweredwa ndi Laura Dern, Sam Neill ndi Jeff Goldblum, amene anali mu filimu ya 1993. Aliyense akamalowa, kamera imaima pankhope pake, nyimbo imakwera, ngati kuti tiimirire tiombe m'manja. Ine ndinangoona anthu achikulire atatu amene sindinauzidwe chifukwa chowakondera. Pena Dodgson akuthawa atanyamula kachitini ka sopo wometera ndevu, kamera n'kukayang'anitsitsa; anandifotokozera pambuyo pake kuti kachitiniko kanali kofunika zaka 29 zapitazo. Filimu yadzaza ndi zizindikiro zoterezi, zotsinzinira diso anthu akale. Nthawi imene ikanagwira ntchito yomanga nkhani yathera pokumbutsa anthu nkhani ina.

Yerekezani ndi nthano zathu. Kalulu amapezeka m'nthano zosawerengeka, Fisi chimodzimodzi. Koma agogo akati "Padangotero," ife n'kuvomera "Tili tonse," mwana amene wafika dzulo kuchokera kumudzi wina amamva zonse. Dyera la Fisi limaonekera m'nthano yomweyo, kuchenjera kwa Kalulu kumaonekera pomwepo, ndipo pofika pophula mbatata nkhani yatha, mlandu wagamulidwa. Palibe gogo amene anauzapo mdzukulu kuti, "Sunamve chifukwa kunalibe dzana." Amene anamva nthano zambiri amasangalala mowonjezera, inde, koma mlendo sabwerera chimanjamanja. Umenewo ndiwo muyeso umene ndikuyesera filimuyi, ndipo ndi muyeso wachilungamo: nkhani iime ndi miyendo yake.

Nanga zilombo zimene anthu amalipirira kuti akaone? Zojambula zake n'zokongola, zimenezo ndivomere. Khungu, mano ndi maso zikuoneka ngati zamoyo. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mantha mulibe. Ife a kuno, kwawo kwa Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, tikudziwa mmene mantha ndi ulemu zimamangidwira. Zilombo zikuluzikulu sizituluka tsiku lililonse kapena pamwambo uliwonse. Ng'oma zimayamba kaye, mudzi umadikira, ana amabisala kumbuyo kwa amayi awo, ndipo chikatulukira bwalo lonse limadziwa kuti lero n'tsiku lina. Filimuyi imatulutsa chilombo chatsopano mphindi zingapo zilizonse, cha nthenga, cha zikhadabo zazitali, chouluka, cha m'mapanga, ndipo chilichonse chimabangula, chimathamangitsa munthu, chimamuphonya, n'kuchoka. Pofika pa ndewu yomaliza ya zilombo zitatu zikuluzikulu, diso latopa kale.

Choipa china, woonera amazindikira msanga kuti palibe mmodzi mwa anthu okondedwa a m'nkhaniyi amene adzafe kapena kuvulala kwenikweni. Ndege igwa, atuluka akuyenda. Chilombo cha mano ngati zikwanje chiwapeza onse pamodzi, apulumuka onse. Owen akatambasula dzanja lake kutsogolo, chilombo cholusa chiima ngati galu wa pakhomo. Yesani kutambasulira dzanja ng'ona ya mu Revúbuè muone. Pomaliza onse akwera helikopita ali amphumphu. Nkhani imene ilibe mtengo wolipira ilibenso kulemera. Mlenje akamasimba za njati, timamvetsera chifukwa tikuona chipsera pa ntchafu pake.

Ndipo pali kanthu kena kamene kanaseketsa anthu a msinkhu wanga. Dzombe lonenepa chotero, lochuluka chotero, lina lowotchedwa kale ndi moto likugwa kuchokera kumwamba, koma palibe munthu mmodzi m'filimu yonse amene anaganizako za ndiwo. Kwathu dzombe ndi tsoka, komanso ndi ndiwo; amayi amalitola m'mamawa lisanawothe dzuwa, amalithothola mapiko, amalikazinga ndi mchere. Sindikunena kuti adye dzombe la m'botolo la sayansi. Ndikunena kuti olemba filimuyi sanakhalepo pansi ndi munthu amene analimbanapo ndi dzombe. Akanatero akanadziwa kuti anthu sangoima n'kumakuwa. Amaimba zitini, amafukiza utsi, amakumba maenje, amatola, amayanika, amagawana. Dziko lonse la m'filimumu ndi America ndi Ulaya, ngakhale kuti mliri wotere ukanayamba kupha anthu a kuno.

Ena ati, "Mwakalamba inu, filimu ndi yongosangalatsa, musaifunse zambiri." Ndikumva. Munthu amene walima tsiku lonse m'dimba la kachewere ali ndi ufulu wopumitsa mutu, ndipo ine ndimakonda ndewu yojambulidwa bwino monga wina aliyense. Koma amene anabweretsa njala m'nkhaniyi si ine, ndi iwo. Akanafuna zongothamangitsana akanasiya minda ya anthu pamtendere. Munthu akatchula maliro pabwalo kuti anthu akhale chete, kenaka n'kuyamba nthabwala, timati wachita chipongwe. Ena ati, "Koma inapanga ndalama zambiri, ndiye kuti anthu anaikonda." Ndalamazo zikusonyeza kuti dzina la Jurassic limagulitsa. Thumba likakhala ndi chizindikiro chodziwika anthu amagula asanatsegule, ndipo alimi tikudziwa bwino kuti thumba lokongola likhoza kukhala ndi mbewu yosamera.

Enanso ati ndikudana ndi za sayansi kapena za kunja. Ayi. Onerani The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Malawi, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Chichewa cha osewera ena ochokera kunja chimaseketsa, zoona, koma m'menemo muli njala yooneka ndi maso: banja likudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma, mwana wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi. Ndipo muli sayansi yogwirika, dayinamo ya njinga, mabuku a m'laibulale, makina oyendera mphepo. Filimu imeneyo inayamba ndi njala n'kukhala nayo mpaka madzi atafika m'munda. Sinafune chilombo ngakhale chimodzi kuti itigwire pakhosi.

Ngati ana athu akopeka ndi nyama zakalezi, ndi bwino, koma tiwauze kuti sizili ku Italy kokha kapena m'kompyuta za ku America. Ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, kunafukulidwa mafupa a dinosaur wa khosi lalitali amene mu 1993, chaka chomwecho cha Jurassic Park, anapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus. Chifanizo cha mafupa ake chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga komweko. Ku Niassa, kufupi ndi Metangula, kunapezeka mafupa a kanyama kakale kuposa ma dinosaur, ndipo mu 2013 akatswiri anakatcha Niassodon mfumukasi, dzina limene liwu lake lachiwiri linatengedwa m'chinenero chathu chomwechi. Mwana amene wamva zimenezi adzayang'ana miyala ya m'mphepete mwa mtsinje ndi diso lina. Filimu ya maola awiri ndi theka sinamuphunzitse ngakhale chimodzi chotere.

Mawu anga otsatira apite kwa anyamata amene amamasulira mafilimu m'Chinyanja ndi amene amawathira m'mafoni mwathu. Ntchito yanu ndimailemekeza. Usiku umene ndinaonera filimuyi, zimene zinaseketsa anthu zinali nthabwala za womasulira, ndipo pamene nkhani inasochera ndiye ankayesa kuilumikiza. Ndiye kuti luso losimba lili ndi inu. Ndinu alonda a pachipata: chimene mwasankha ndicho mudzi wonse udzaonere mwezi umenewo. Musasankhe chifukwa cha dzina lalikulu kapena nambala ya kumapeto kwa dzinalo. Ionereni kaye, mudzifunse ngati ikumaliza chimene yayamba, ndiponso ngati munthu amene sanaonepo zinzake adzatuluka atakhuta. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, bungwe la kanema la boma linkatumiza magalimoto m'midzi kukaonetsa Kuxa Kanema, poganiza kuti anthu a kumudzi ayenera kudziona okha pa nsalu yoyera. Lero kamera ili m'thumba la mnyamata aliyense wa foni. Nkhani ya mayi amene anasunga mbewu ya makolo nthawi ya nkhondo, kuinyamula pothawira ku Dedza kapena ku Ntcheu, n'kubwera nayo mtendere utabwera mu 1992, ikuposa Dominion kutalitali, ndipo eni ake akadali moyo pakati pathu. Ikusowa woijambula.

Kwa makolo anzanga ndinena ichi. Sindikuti muletse ana kuonera. Muziwafunsa akabwerako: nkhani inali yotani, inathera pati, uja munda wake unadyedwa zinamuthera bwanji? Mwana akalephera kuyankha, muuzeni kuti mutu wake uli bwinobwino, wolephera ndi wosimba. Ndipo ngati aonera Jurassic World Dominion, tengani mphindi zochepa zija za dzombe ndi minda iwiri yoyandikana, muzimalize nokha pakhonde. Muwaonetse ngala za mbewu zimene zili patsindwi, muwauze amene anakupatsani, chaka chimene munatsala pang'ono kuzidya chifukwa cha njala, ndi chifukwa chimene simunazidye.